Masipika a m'zitseko za galimoto ndi crossover

Masipika a m'zitseko za galimoto ndi masipika amene amamangidwa mkati mwa zitseko kuti azitulutsa mawu a wailesi ndi nyimbo. Crossover ndi kachipangizo ka magetsi kamene kamagawa mawuwo, kuti otsika apite ku sipika yaikulu ndipo okwera apite ku kasipika kakang'ono kotchedwa twita. Galimoto zambiri zimachoka ku fakitale zili kale ndi masipika, koma eni ake ena pamodzi ndi amisiri a zamagetsi amachotsa amenewa ndi kukonza awoawo. Amasankha sipika, amaipangira pokhala, amakonza chitseko, kenaka amawerengera crossover yogwirizana ndi zonsezi.

Ntchitoyi ndi yovuta kuposa yokonza masipika a m'nyumba chifukwa chitseko sichinapangidwe kuti chikhale bokosi la sipika. Chitsulo chake ndi chopyapyala, chili ndi mabowo, mumalowa madzi a mvula, ndipo sipika imakhala pansi pafupi ndi akakolo a munthu, kutali ndi makutu ake. Ndi chifukwa chake crossover yowerengeredwa papepala pokha kawirikawiri siimveka monga mmene woikonza amayembekezera ikalowa m'galimoto.

Mbiri mwachidule

Sipika ya koyilo ndi maginito imene tikuidziwa lero inafotokozedwa mu 1925 ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg, amene ankagwira ntchito ku kampani ya General Electric ku America. Mu 1930 kampani ya Paul Galvin ya ku Chicago inayamba kugulitsa wailesi ya m'galimoto yotchedwa Motorola, ndipo mu 1932 kampani ya Blaupunkt ya ku Germany inatulutsanso yake. Mawailesi oyambawa ankaliza sipika imodzi yokha. Zinthu zinasintha pamene nyimbo za stereo zinalowa m'galimoto, makamaka kuyambira mu 1965 pamene kampani ya Ford inayamba kuika makina oliza matepi a 8-track. Stereo imafuna sipika kumanja ndi ina kumanzere, ndipo zitseko ndi malo amene anapezeka kuti ali ndi mpata mbali zonse ziwiri.

Chifukwa chimene mawu amagawidwira

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Kuchuluka kwa maulendo amene mpweya ukunjenjemera pa sekondi imodzi kumatchedwa frequency, ndipo kumayezedwa m'ma hertz, mwachidule Hz. Khutu la wachinyamata wathanzi limamva kuyambira pafupifupi 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Kugunda kwa ng'oma yaikulu ndi gitala ya besi kuli m'munsi, mawu a munthu woimba ali pakati, ndipo kuwayawaya kwa maseche ndi chisekese kuli kumwamba.

Sipika imodzi siingathe kutulutsa zonsezi bwino. Kuti besi imveke pamafunika kukankha mpweya wambiri, choncho koni, chipepala chija chooneka ngati mbale, iyenera kukhala yaikulu. Koni yaikulu ndi yolemera ndipo imavutika kunjenjemera maulendo 15,000 pa sekondi. Twita ndi yopepuka, nthawi zambiri ya mamilimita 25 kapena 20, ndipo imakwanitsa mawu okwera. Koma besi ikailowa, kakoyilo kake kamatentha ndi kupsa, mwinanso kung'ambika.

Pali chifukwa china chimene ndi chachikulu kwambiri m'galimoto. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi mumpweya wofunda madigiri 20. Kutalika kwa funde limodzi la mawu kumapezeka pogawa 343 ndi frequency. Pa 100 Hz funde ndi lalitali mamita 3.43, ndipo funde lotere limafalikira mbali zonse mofanana. Pa 2,600 Hz funde ndi la masentimita 13 okha, kufanana ndi kukula kwa koni ya sipika ya mainchesi 6.5, imene ndi yofala kwambiri m'zitseko. Kuyambira cha pamenepa kupita m'mwamba, sipika imayamba kuponya mawu kutsogolo kwake kokha ngati kuwala kwa tochi. M'nyumba izi sizivuta chifukwa sipika imayang'ana kwa womvera. M'galimoto sipika ya m'chitseko imayang'ana miyendo ya dalaivala ndi chitseko cha mbali inayo. Mawu okwera amatayikira kumeneko, khutu n'kumangolandira zotsalira. Choncho sipika ya m'chitseko iyenera kusiyira twita ntchito isanafike pamene imayamba kuponya mawu chonchi.

Masipika a m'galimoto amagulitsidwa m'mitundu iwiri. Mtundu wa coaxial uli ndi twita yomangidwa pakati pa sipika yaikulu, ndipo crossover yake nthawi zambiri ndi kapasita imodzi yokha. Ndi wotchipa komanso wosavuta kuika, koma twita imakhalanso pansi kumapazi. Mtundu wa component uli ndi sipika, twita ndi crossover zapaderadera, kotero twita ikhoza kuikidwa m'mwamba, pakona ya windo pafupi ndi galasi loonera kumbuyo kapena pachipilala cha m'mbali mwa galasi lakutsogolo. Anthu okonza awoawo amatsata mtundu wachiwiriwu.

Chitseko ngati bokosi

Koni ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake imakhala ikuukoka. Mafunde awiriwa ndi otsutsana, ndipo akakumana amafafanizana. Umboni wake ndi wosavuta kuupeza: sipika yolira ili m'manja popanda bokosi imamveka ngati kawailesi ka m'thumba, besi palibe. Ntchito yoyamba ya bokosi lililonse ndi kulekanitsa mafunde akutsogolo ndi akumbuyo.

Chitseko cha galimoto chili ndi chitsulo chakunja chimene timachiona, chitsulo chamkati pamene pamamangidwa sipika ndi makina okweza windo, pepala la pulasitiki lotchinga chinyezi, ndi chivundikiro chamkati cha pulasitiki kapena nsalu. Chitsulo chamkati chimakhala ndi mabowo akuluakulu amene amakaniko amapisamo manja pokonza loko ndi windo. Mafunde akumbuyo kwa sipika amatulukira m'mabowo amenewa. Wokonza amawatseka ndi tizitsulo ta aluminiyamu kapena pulasitiki wolimba, koma amamanga ndi masikuluu kuti tsiku lofuna kukonza windo athe kutsegulanso. Pazitsulo zonse ziwiri amamatapo mapepala olemera a mphira wa butyl okutidwa ndi aluminiyamu, monga a Dynamat, kuti chitsulo chisamalire chokha ngati chitini. Sikofunika kumata paliponse. Malo aakulu osalala amene amalira munthu akawagogoda ndi chala ndi amene amafunika kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kusokonezedwa. Pansi pa chitseko pali timabowo totulutsira madzi amene amalowera m'mbali mwa windo. Tikatsekedwa, madzi amadikha mkati ndipo chitseko chimachita dzimbiri kuchokera pansi. Chachiwiri, galimoto zina zatsopano zili ndi kachipangizo mkati mwa chitseko kamene kamamva kusintha kwa mphamvu ya mpweya galimoto ikagundidwa m'mbali, ndipo ndi kamene kamauza airbag kuti ituluke. Kuboola chitseko chotere kapena kusintha katsekedwe kake kukhoza kusokoneza kachipangizoka. Wokonza ayenera kuona buku la galimotoyo asanagwire chitseko.

Sipika yatsopano kawirikawiri siikwana pabowo la yakale, choncho pamapangidwa mkombero wokhalapo sipika. Ambiri amadula mkomberowu ku thabwa la MDF chifukwa ndi lofewa podula, koma MDF ikamwa madzi imatupa ndi kufumbutuka. Pulayiwudi yopakidwa vanishi mbali zonse imakhalitsa, ndipo pulasitiki wokhuthala wa HDPE, wonga wa thabwa lodulirapo nyama kukhitchini, saopa madzi konse. Kukhuthala kwa mkombero kumayezedwa windo itatsitsidwa mpaka pansi, chifukwa galasi limadutsa kumbuyo kwenikweni kwa maginito a sipika. Anthu ambiri amayeza windo ili yotseka, n'kudzazindikira mochedwa kuti siikutsikanso. Kutsogolo nako koni iyenera kukhala ndi mpata woti isamagunde chivundikiro. Pomaliza pamaikidwa mkombero wa siponji yosamwa madzi pakati pa sipika ndi chivundikiro, kuti mawu atulukire m'galimoto m'malo mosochera kuseri kwa pulasitiki.

Posankha sipika, okonza amayang'ana manambala otchedwa Thiele/Small, potengera maina a Neville Thiele wa ku Australia, amene analemba za iwo mu 1961, ndi Richard Small, amene anawonjezera ntchitoyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nambala ya Fs ndi frequency imene koni imanjenjemera mosavuta payokha. Nambala ya Qts imasonyeza mmene maginito ndi zogwira koni zimaletsera kunjenjemerako. Ngakhale chitseko chitsekedwe bwanji, chimakhalabe chachikulu komanso chodontha mpweya, choncho sichithandiza kugwira koni monga limachitira bokosi laling'ono. Sipika ya Qts yapakati pa 0.5 ndi 0.7 kapena kupitirirako pang'ono imachita bwino m'malo otere. Sipika ya Qts yotsika, monga 0.3, inapangidwira bokosi, ndipo m'chitseko imamveka yopanda besi ngakhale ikhale yodula.

Crossover yopanda magetsi akeake

Crossover ya mtundu wa passive imakhala pakati pa ampulifaya ndi masipika, ndipo imapangidwa ndi zinthu zitatu: kapasita, koyilo ndi rezisita. Kapasita imalola mawu okwera kudutsa n'kutsekereza otsika. Koyilo imachita zosemphana ndi zimenezi. Kapasita ikalumikizidwa pamzere wopita ku twita ndipo koyilo pamzere wopita ku sipika ya m'chitseko, crossover yoyamba yatheka.

Crossover siidula mawu ngati mpeni, imawachepetsa pang'onopang'ono. Kutsetsereka kwake kumayezedwa m'ma decibel pa octave, ndipo octave ndi pamene frequency yawirikiza kawiri kapena yagawidwa pakati. Chinthu chimodzi pa sipika iliyonse chimapereka ma decibel 6 pa octave. Ziwiri, kapasita ndi koyilo pamodzi, zimapereka 12. Zitatu zimapereka 18 ndipo zinayi 24.

Masamu a crossover ya ma decibel 6 ndi awa: C = 1 ÷ (2 × 3.14 × f × R) ndi L = R ÷ (2 × 3.14 × f). Apa f ndi frequency yogawirapo, R ndi ma ohm a sipika, C ndi kukula kwa kapasita ndipo L ndi kukula kwa koyilo. Masipika ambiri a m'galimoto ndi a ma ohm 4, pamene a m'nyumba ambiri ndi a 8. Chifukwa chake ndi chakuti batire ya galimoto ndi ya ma volt 12 okha, pafupifupi 14 injini ikamalira, ndipo ma ohm ochepa amalola mphamvu yochulukirapo kudutsa. Pogawa mawu pa 3,000 Hz ndi masipika a ma ohm 4, masamuwa amapereka kapasita ya ma microfarad 13.3 ndi koyilo ya ma millihenry 0.21.

Ma decibel 6 sateteza twita mokwanira. Pa 1,500 Hz twita yotere imakhala ikulandirabe mphamvu yambiri, ndipo ngati Fs yake ili chapafupi, imayamba kukanda m'makutu munthu akakweza voliyumu. Okonza ambiri amagawa mawu pa frequency yosachepera kuwirikiza kawiri Fs ya twita, ndiponso amasankha ma decibel 12 kapena kuposa. Apa ndi pamene pali mpanipani wa ntchito yonse. Sipika ya m'chitseko ikufuna kusiya ntchito msanga, pansi pa 2,600 Hz, pamene twita ikufuna kuyamba mochedwa. Twita ya Fs ya 1,000 Hz imapereka mpata wokumanirana cha pa 2,500 Hz. Twita yaing'ono ya Fs ya 2,000 Hz siipereka mpata umenewu, ndipo pakati pa masipika awiriwo pamatsala dzenje pamene mawu a woimba amamveka ngati ali kuseri kwa khoma. Ena amathetsa vutoli poika sipika yachitatu ya mainchesi 3 padashibodi.

Pali mitundu ingapo ya kapindidwe ka mawu pamalo ogawirapo. Wa Butterworth unachokera kwa Stephen Butterworth wa ku Britain mu 1930, ndipo sipika iliyonse imatsika ma decibel 3 pamalopo. Wa Linkwitz-Riley unafalitsidwa mu 1976 ndipo unatchedwa maina a Siegfried Linkwitz ndi Russ Riley, amene onse ankagwira ntchito ku Hewlett-Packard. Mu umenewu sipika iliyonse imatsika ma decibel 6, kotero kuti mawu a masipika awiri akaphatikizana sapanga chitunda. Linkwitz-Riley ya ma decibel 12 pa 3,000 Hz ndi ma ohm 4 imafuna kapasita ya ma microfarad 6.6 ndi koyilo ya ma millihenry 0.42 pa sipika iliyonse, ndipo mawaya a twita amalumikizidwa motembenuza, apo ayi mawu amafafanizana pamalo ogawirapo.

Makapasita ayenera kukhala opanda mbali ya pulasi ndi mainasi. A polypropylene amakhalitsa kuposa a electrolytic, amene amauma ndi kutentha kwa m'galimoto yoima padzuwa. Makoyilo awiri asayandikane atagona mofanana, chifukwa mphamvu ya maginito ya imodzi imalowerera mu inzake. Imodzi igone, ina iimirire. Crossover yonse ndi bwino kuiika pansi pa mpando kapena kuseri kwa dashibodi, osati mbali ya chitseko yolowa madzi.

Pamene masamu amanama

Masamu a pamwambawa amaganiza kuti sipika ndi ma ohm 4 nthawi zonse. Sizili choncho. Nambala yolembedwa pamaginito ndi yongoyerekeza. Kukaniza magetsi kwa sipika, kotchedwa impedance, kumakwera kwambiri pa Fs, kumatsika pakati, kenaka kumakweranso frequency ikamakwera, chifukwa koyilo ya mkati mwa sipika nayonso ndi koyilo. Mwachitsanzo, sipika imene mita ikuonetsa ma ohm 3.2 ndipo koyilo yake ndi ya ma millihenry 0.3 imafika cha pa ma ohm 6 pa 3,000 Hz. Koyilo ya crossover yowerengeredwa ma ohm 4 siidula mawu pamalo amene amafunidwa pa sipika yotere.

Mankhwala ake ndi Zobel, dzina lochokera kwa Otto Zobel, katswiri wa kampani ya matelefoni ya Bell m'zaka za m'ma 1920. Ndi rezisita ndi kapasita zolumikizidwa mondondozana, n'kuikidwa pakati pa mawaya awiri a sipika. Rezisita imakhala pafupifupi 1.25 kuchulukitsa ma ohm a pamita, ndipo kapasita imapezeka pogawa kukula kwa koyilo ya sipika ndi rezisitayo itadzichulukitsa yokha. Pa chitsanzo chathu, ndi ma ohm 4 ndi ma microfarad pafupifupi 19.

Twita nayo nthawi zambiri imalira mokweza kuposa sipika ya m'chitseko, komanso ili pafupi ndi khutu ndipo galasi limabweza mawu ake. Imachepetsedwa ndi marezisita awiri otchedwa L-pad. Pofuna kutsitsa twita ya ma ohm 4 ndi ma decibel 3, pamaikidwa rezisita ya ma ohm 1.2 pamzere ndi ina ya ma ohm 10 pakati pa mawaya a twitayo. Kuika rezisita imodzi yokha pamzere kumatsitsadi mawu, koma kumasunthanso malo ogawirapo.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi chakuti khutu silimva magetsi otuluka mu crossover, limamva mawu amene afika pampando. Sipika ya m'chitseko imene ikuyang'ana miyendo imakhala itayamba kale kutsika yokha cha pa 2,000 Hz. Kutsika kumeneku kumaphatikizana ndi kwa crossover, kotero koyilo imodzi ya ma decibel 6 ikhoza kumveka ngati 12 kapena kuposa. Ndiye pali zitseko zina zimene zimafuna zinthu zochepa kuposa zimene buku likunena, ndipo si zachilendo kupeza crossover yabwino ili ndi koyilo imodzi ku sipika yaikulu koma kapasita ndi koyilo ku twita.

Crossover ya active ndi DSP

Crossover ya active imagawa mawu asanalowe mu ampulifaya, ndipo sipika iliyonse imakhala ndi njira yakeyake ya ampulifaya. Masiku ano ntchitoyi imachitidwa ndi kakompyuta kotchedwa DSP, kamene kali m'mawailesi ena kapena kamagulidwa pakokha. Ubwino wake ndi wakuti impedance ya sipika siisokonezanso kagawidwe, ndipo malo ogawirapo amasinthidwa palaputopu popanda kuwotcherera waya. Kuipa kwake ndi mtengo: masipika anayi akutsogolo amafuna ampulifaya ya njira zinayi. Amisiri osamala amaikabe kapasita imodzi yaikulu pamzere wa twita, kuti munthu akalakwitsa podina twita isapse nthawi yomweyo.

DSP imathanso kuchedwetsa mawu, zimene crossover ya passive siingachite. Dalaivala sakhala pakati pa galimoto. Ngati sipika ya kumanja ili masentimita 95 kuchoka pamutu pake ndipo ya kumanzere ili 140, mawu a kumanja amafika msanga ndipo woimba amamveka ngati ali m'chitseko. Mawu amayenda masentimita 34.3 pa millisecond imodzi, choncho kusiyana kwa masentimita 45 kumafuna kuti sipika yapafupi ichedwetsedwe ndi ma millisecond 1.3. Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu ndipo chiwongolero chili kumanja, monga ku Japan kumene zambiri zimachokera. Malangizo olembedwera galimoto za ku America amachedwetsa masipika a kumanzere, choncho wowatsata kuno ayenera kutembenuza mbali.

Sipika ya m'chitseko imafunanso kutetezedwa ku besi yotsikitsitsa. Ambiri amaidula cha pa 80 Hz n'kusiyira sabuwufa ya m'buti zotsalazo. Izi zimachepetsa kuphupha kwa koni ndi kunjenjemera kwa chitseko.

Za mphamvu, nambala ya 50W × 4 yolembedwa pamawailesi ambiri ndi ya kamphindi chabe. Mphamvu yokhazikika imene wailesi yotere imapereka ndi pafupifupi ma watt 20 kapena kucheperapo pa sipika iliyonse. Ikakwezedwa kupitirira pamenepo, mafunde amaphwanyika nsonga ndipo pamabadwa mawu okwera achabechabe amene crossover imawatumiza ku twita. Matwita ambiri amapsa motere.

Kuyeza ndi kumvetsera

Ntchito yabwino imayamba ndi kuyeza masipika atamangidwa kale m'chitseko, chivundikiro chitabwezeretsedwa. Choyamba ndi kuona mbali za mawaya. Batire ya tochi ya ma volt 1.5 ikagunditsidwa pamawaya a sipika yaikulu, pulasi kwa pulasi, koni iyenera kutulukira kunja, ndipo zitseko zonse ziwiri zichite chimodzimodzi. Chimodzi chikatembenuka besi imasowa. Njira imeneyi si yoyesera twita.

Kenaka maikolofoni yoyezera, monga UMIK-1 ya kampani ya miniDSP, imaikidwa pamene pamakhala mutu wa dalaivala. Pulogalamu ya REW, imene imapezeka mwaulere pa intaneti, imaliza mawu oyesera ndi kujambula mzere wosonyeza mmene sipika iliyonse ikumvekera payokha. Malo ogawirapo amasankhidwa pamene mizere ya sipika ndi twita yonse ili yosalala. Chifukwa magalasi amabweza mawu kwambiri, kusuntha maikolofoni masentimita ochepa kumasintha mzerewo, motero okonza amayeza malo angapo mozungulira mutu n'kutenga zapakati.

Pali njira yachidule yodziwira ngati sipika ndi twita zikugwirizana. Wokonza amatembenuza dala mawaya a twita n'kuyezanso. Ngati kagawidwe kali bwino, pamzere pamaoneka dzenje lakuya pamalo ogawirapo, chifukwa masipika awiri amene amathandizana tsopano akufafanizana. Dzenje likakhala losaya kapena likaoneka pamalo ena, nthawi yofikira mawu kapena kutsetsereka kwa crossover sikunakhale bwino. Akakonza, amabwezeretsa mawaya mmene analiri, amatseka zitseko ndi mawindo, n'kumvetsera nyimbo imene amaidziwa bwino injini ikulira, chifukwa phokoso la msewu limakwirira besi imene imamveka yokwanira galimoto itaima.